Kadzutsa wa ku Kilwa

Chipinda chomwe ndinagona ku Kilwa Masoko chinalibe zambiri: bedi lamatabwa, neti yoyera, fani yakudenga yolira ngati njinga yosowa girisi, ndi zenera loyang'ana kunyanja. Mtengo wa chipinda unkaphatikiza kadzutsa. Isanakwane 7 koloko, mayi a nyumbayo ankakhala atayala kale pakhonde tiyi wajinja, chapati ziwiri, dzira, papaya, ndi timandasi tampunga tomwe iwo amati vitumbua. Nditamva dzinalo ndinaseka ndekha. Zitumbuwa! Kwathu timakazinga za nthochi ndi mgaiwa, kuno za mpunga ndi kokonati, koma dzina ndi lomwelo. Ndani anabwereka kwa mnzake, nanga linadzera njira iti?

Munthu wokulira ku Nkhotakota ngati ine amadziyesa katswiri wa nyanja. Ndiye m'mawa woyamba uja ndinayang'ana pansi pa khonde n'kupeza nyanja yathawa. Pomwe usiku mafunde ankamenya panali matope ndi mchenga wokhawokha, ngalawa zitagona chammbali ngati ng'ombe zodwala, amayi akutola nkhono kutali uko. Pofika masana madzi anali atabwerera mwakale. Yathu ija siichita zimenezi. Iyi ndi nyanja yamchere, imaphwa ndi kudzaza kawiri pa tsiku, ndipo anthu a kuno amakonza zochita zawo poyang'ana iyo, osati wotchi.

Mayi aja atandifunsa kwathu, ndinayankha m'Chiswahili changa chopunduka kuti ndine wa ku Malawi. Iwo anawomba m'manja. "Ndiye ndiwe Mnyasa, mwanangu! Anyasa kuno si alendo." Anatero akuthira tiyi, mwachikondi ndithu. Koma ine mawuwo anandilasa penapake, chifukwa ndinkadziwa mmene Anyasa oyambawo anafikira kuno.

Agogo anga akuchikazi ankasimba za mtsikana wina wa pamtundu pathu, mng'ono wawo wa agogo awo, amene "anapita ndi Aluya". Dzina lake linatayika. Ndili mwana ndinkaganiza kuti anamugwira kudambo akutunga madzi, monga zimakhalira pa zithunzi za m'mabuku a sukulu. Nditakula, tsiku lina tikusenda chinangwa, agogo anandiuza mbali yomwe sankauza ana. Sanagwidwe ayi. Panali mlandu, ndipo amalume ake, eni mbumba, anamupereka kuti mlanduwo uthe. Amene anamulandira anakamugulitsa ku Linga, kwa anthu a Jumbe. Kuchoka pamenepo nkhani imathera pamadzi. Ine ndinabwera ku Kilwa kudzaona tsidya lina la nkhaniyo, ngakhale ndinkadziwa kuti sindidzapeza manda kapena dzina.

Ma Kilwa alipo atatu, ndipo mlendo akapanda kusamala amaona imodzi n'kubwerera akuganiza kuti wamaliza. Masoko, pomwe pali malo ogona ndi maofesi aboma, ndi tauni yatsopano. Kisiwani ndi chilumba chomwe chimaoneka uli padoko la Masoko, ndipo n'kumene kuli mabwinja otchuka aja omwe UNESCO inawaika pa mndandanda wa malo osungidwa a dziko lonse mu 1981, pamodzi ndi a pa chilumba cha Songo Mnara. Kivinje ili kumtunda, makilomita osapitirira 30 kumpoto. Alendo ambiri amapita ku Kisiwani. Nane ndinayambira komweko.

Umayamba walipira chilolezo, n'kupeza wokuperekeza, kenaka boti. Ulendo wake ndi waufupi. Choyamba kukulandira ndi linga lalikulu la m'mphepete mwa madzi lomwe amati Gereza, chitseko chake chamatabwa osema. Ukalowa m'mudzi, pakati pa nyumba za anthu, mbuzi ndi milambe, umangozindikira waima pakhomo pa mzikiti waukulu. Abale, zithunzi za pa intaneti zimaunamizira mzikiti umenewu. Mbali yake yakale kwambiri inamangidwa zaka za m'ma 1000 kapena 1100, ndipo anaukulitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1300. Mizati yake ndi ya miyala yosemedwa m'nyanja, yomatidwa ndi laimu, ndipo denga lake ndi lozungulirazungulira ngati miphika yovundikira. Kunja dzuwa likuswa mtengo, mkatimo muli zii. Ndinakhala pansi kwa kanthawi osajambula chilichonse.

Chuma chomangira zonsezi chinali golide. Ankachokera kumapiri a dziko lomwe lero ndi Zimbabwe, n'kutsikira ku doko la Sofala, ndipo mafumu a Kilwa ndi amene ankalamulira malonda a Sofala. Malo a Kilwa anawathandiza: zombo zamatanga zochokera ku Arabia ndi ku India zinkabwera ndi mphepo yakumpoto n'kubwerera ndi mwera, ndipo Kilwa inali pafupifupi malire akummwera omwe chombo chikanafika n'kubwerera kwawo m'nyengo imodzi. Mafumuwa ankasula ndalama zawozawo zamkuwa. Imodzi, ya mfumu al-Hasan ibn Sulaiman, inapezeka ku mabwinja a Great Zimbabwe. Mfumu yomweyo ndi imene inamanga Husuni Kubwa, nyumba yachifumu ya zipinda zoposa 100 yomwe ili pamwamba pa phompho loyang'ana kunyanja, yokhala ndi dziwe losambira la ngodya zisanu ndi zitatu. Dziwelo likadalipo, louma, abuluzi akuothera dzuwa m'mphepete mwake.

Ibn Battuta, mlendo wa ku Morocco uja, anafika kuno mu 1331 ndipo anauyamikira mzindawu kuti unali umodzi mwa yokongola kwambiri yomwe anaiona. Mawu amenewa aliyense wokuperekeza amawadziwa pamtima. Chomwe sakonda kutchula n'chakuti mlendo yemweyo analembanso kuti mfumuyo, yomwe ankaitama chifukwa cha kupatsa, inkachita nkhondo kawirikawiri ndi anthu akumtunda n'kutenga zofunkha. Ndinamufunsa mnyamata wondiperekeza za zimenezi. Anaseka, n'kunena kuti, "Achimwene, alendo amabwera kudzamva za golide."

Kenaka kunabwera Apwitikizi. Mu 1502 Vasco da Gama anaopseza mfumu ya Kilwa mpaka inapereka msonkho wa golide, ndipo golide ameneyo anakasulira chiwiya cha m'tchalitchi chotchedwa Custódia de Belém, chomwe mpaka lero chili m'nyumba yosungiramo zakale ku Lisbon. Mu 1505 Francisco de Almeida anaulanda mzindawu, kuufunkha, n'kumanga linga. Sanakhalitse, pofika 1512 anali atachoka. Gereza yomwe timaiona lero mbali yaikulu inamangidwanso ndi Aluya a ku Oman cha m'ma 1800.

Apa ndi pomwe ife timayamba kuonekera m'nkhaniyi, ndipo poyamba sitikuoneka ngati akapolo. Wansembe wachipwitikizi João dos Santos analemba za gulu lankhondo lotchedwa Azimba lomwe linachokera ku chigwa cha Zambezi n'kuwononga Kilwa cha m'ma 1580. Iye anati ankadya anthu, zomwe olemba mbiri ambiri masiku ano amazikayikira, poti Apwitikizi ankakonda kunena zimenezi za aliyense wowagonjetsa. Ena mwa olemba mbiriwo amati Azimbawo anali ankhondo a Lundu, mfumu ya Amaravi ya ku chigwa cha Shire. Ngati zili zoona, ndiye kuti makolo athu anayamba kufika pa chilumbachi atanyamula mikondo. Mu 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, ananyamuka ku Tete wapansi, kudutsa m'dziko la Amaravi kumene analandiridwa ndi mfumu Muzura, kuwoloka Shire, n'kukafika ku Kilwa atayenda masiku 53. Sanatsegule njira iyeyo. Anayenda m'njira yomwe anthu ankaidziwa kale. M'zaka zotsatira Ayao ndi amene anakhala eni ake a njirayi, akunyamula minyanga ya njovu, makasu ndi fodya kupita kunyanja yamchere, n'kubwerako ndi nsalu ndi mikanda.

Katundu anasintha pang'onopang'ono. Mu 1776 wamalonda wa ku France, Jean-Vincent Morice, anasainirana pangano ndi mfumu ya Kilwa, Hasan ibn Ibrahim, loti azimugulitsa akapolo 1,000 chaka chilichonse kwa zaka 100. Ankawafunira minda ya Afalansa ku zilumba zomwe lero ndi Mauritius ndi Réunion. Nyumba yachifumu ya Makutani, ya makoma aataliatali kumadzulo kwa chilumbachi, ndi ya nyengo imeneyo, pomwe Kilwa inatsitsimukanso. Ndinazungulira makomawo ndikuwerengetsa m'mutu: anthu 1,000 pa chaka ndi anthu pafupifupi atatu pa tsiku, tsiku lililonse, ngakhale la Eid. Ndipo apo zinali zisanafike poipa.

Madzulo a tsiku limenelo ndinabwerera ku Masoko, kusamba, n'kukhala pakhonde ndi nsomba yowotcha ndi mpunga wophikira kokonati. Panali alendo ena awiri ochokera ku Ulaya, anthu abwino ndithu, akuonetsana zithunzi za mzikiti. Nanenso ndinaonetsa zanga. Zonena zoona, ndinali wosangalala. Mphepo inali yabwino, nsomba inali yokoma, ndipo ndinali nditaona ndi maso anga mzinda womangidwa ndi anthu akuda zaka 700 zapitazo, umene aphunzitsi anga a mbiri anangoutchula modutsa. Kunyada kumeneko n'koona, sindikukubweza. Koma mtsikana wa kwathu uja sanaone mzikiti umenewu. M'nthawi yake malonda anali atasamukira kumtunda, ku Kivinje.

Ku Kivinje ndinapita pa bajaji, timatayala titatu tija. Kulibe geti, kulibe tikiti. Ndi tauni ya asodzi, yonunkha nsomba zouma ngati Nkhotakota nyengo ya usipa. Nyumba zamiyala zosanjikizana za amalonda akale zikugwa zokha, mitengo ya mikuyu itamera m'makoma, mizu ikung'amba zipupa. M'zipinda zina zapansi mukukhalabe anthu. Boma lakale la Ajeremani laima moyang'ana doko, ndipo kutsogolo kwake zombo zamatanga zimagona pamatope kudikira madzi.

M'zaka za m'ma 1800 doko limeneli linali lalikulu koposa onse pa malonda a akapolo m'gombe lonse la kum'mawa kwa Africa. Chinakoka malondawo ndi minda ya ma clove ku Zanzibar ndi Pemba, yomwe inakula kwambiri Seyyid Said atasamutsira likulu lake ku Zanzibar kuchoka ku Muscat. Olemba mbiri, potengera zolembedwa za msonkho, amati m'zaka za m'ma 1860 anthu pafupifupi 20,000 ankatumizidwa kuchoka pa Kilwa chaka chilichonse. Ambiri mwa iwo ankachokera kuzungulira nyanja yathu: Anyanja, Achewa, Ayao, Amakua, Angindo, Abisa. Awa ndi amene anafika amoyo.

Njira yake tikuidziwa. Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, ndipo anali ndi zombo zowolotsa anthu ndi minyanga kupita tsidya lakum'mawa. Ena ankawolokera kummwera, kwa Mponda ndi kwa Makanjira. Kuchoka kugombe ankakwera mapiri a dziko la Ayao, kudutsa ku Mwembe kwa Mataka, kuwoloka Ruvuma, n'kuyenda m'thengo louma mpaka ku Kilwa. Unali ulendo wa miyezi, amuna ali m'magoli, amayi ndi ana atamangidwa zingwe. David Livingstone anadutsa mbali ya njirayi mu 1866 akuchokera kugombe, ndipo analemba za mitembo yomwe anaipeza m'njira, ina itamangiriridwa kumitengo, ya anthu amene analephera kuyenda. Ine ulendo wanga wochoka ku Malawi, kudzera ku Songwe, Mbeya ndi Dar es Salaam, unanditengera masiku atatu pa basi, ndipo ndinadandaula msana njira yonse.

Pali chinthu chimodzi chomwe timachizemba tikamakamba mbiri imeneyi. Timakonda kunena kuti "Aluya anabwera kudzagwira anthu", ngati kuti anatsika kumwamba ndi maukonde. Ambiri mwa omwe timawatchula Aluya anali Aswahili, anthu akuda a m'gombe lomweli, ndipo anali ochepa. Sakanatha okha. Ankagula. Ankagula kwa mafumu a Chiyao omwe anali ndi mfuti, kwa Angoni pambuyo pa nkhondo zawo, ndiponso kwa mafumu ndi eni mbumba a Chichewa omwe ankafuna nsalu, wonga, kapena njira yothetsera mlandu. Nthawi ya njala mtengo wa mwana unkatsika. Sindikunena izi pofuna kupeputsa mlandu wa ogula, kapena wa amalonda a ku India omwe ankakongoza katundu wa maulendowo, kapena wa misika ya ku Ulaya ndi ku America yomwe inkafuna minyanga yopangira makiyi a piyano. Ndikunena chifukwa amalume aja anali a pamtundu panga, ndipo ine ndine mdzukulu wa amene anatsala chifukwa wina anaperekedwa.

Nanga ofikawo anathera kuti? Ambiri ku minda ya Zanzibar ndi Pemba. Ena ku Mombasa, ku Lamu, ku Arabia. Ena anafika mpaka ku chigwa cha mtsinje wa Juba ku Somalia, kumene mpaka lero kuli anthu omwe amati makolo awo anali Anyasa, Ayao ndi Amakua. Mmodzi yekha ndi amene ndimamudziwa dzina, ndipo aliyense wolemba Chichewa ayenera kumudziwa. Ankatchedwa Salimini. Anagwidwa kumadzulo kwa nyanja yathu, m'chigawo chomwe lero ndi chapakati, n'kukapezeka ali kapolo kufupi ndi Mombasa. Kumeneko, cha m'ma 1853, mmishonale wa ku Germany Johannes Rebmann anamumva akuyankhula chinenero chachilendo, n'kuyamba kulemba mawu ake limodzi ndi limodzi. Zolembazo zinasindikizidwa mu 1877, Rebmann atamwalira kale, pa mutu woti Dictionary of the Kiniassa Language. Ndi limodzi mwa mabuku oyambirira enieni otanthauzira mawu a chinenero chomwe mukuwerengachi. Pachikuto pali dzina la mzungu, koma mawu onse a mkatimo anatuluka pakamwa pa munthu wogulidwa, amene ankakumbukira mayina a midzi, mitsinje ndi ndiwo za kwawo.

Kutha kwa malondawa sikunali kwa tsiku limodzi. Mu June 1873 Sultan Barghash wa ku Zanzibar anasaina pangano loletsa kutumiza akapolo panyanja, atakakamizidwa ndi a Britain kudzera mwa John Kirk, yemwe uja anayenda ndi Livingstone ku Shire, mwini dzina la mapiri a Kirk Range. Msika wa ku Zanzibar unatsekedwa, koma amalonda anayamba kuyendetsa anthu wapansi m'mphepete mwa gombe kulowera kumpoto, kapena kuwazembetsa usiku. Kenaka kunabwera atsamunda. Mu 1894 mtsogoleri wa Chiyao, Hassan bin Omari Makunganya, anaukira Ajeremani ku Kivinje. Anamugwira n'kumupachika mu November 1895, pamtengo wa mango womwe anthu anautcha Mwembe Kinyonga. Patangopita masabata ochepa, mu December 1895, a Britain anapachika Mlozi ku Karonga. Nsonga ziwiri za njira imodzi zinadulidwa pafupifupi nthawi imodzi, ndi azungu a mitundu iwiri omwe aliyense ankadzitengera dziko. Ku Tanzania Makunganya amakumbukiridwa ngati wolimbana ndi atsamunda, ndipo analidi wotero. Analinso munthu wa malonda a m'njira ija. Zonse ziwiri n'zoona, ndipo chipilala sichikwana kulembapo zonse. Ukapolo weniweniwo unapitirira kukhala wololedwa m'dziko la Ajeremanilo, mpaka a Britain anauthetsa mu 1922. Ngati mtsikana uja anafika wamoyo n'kukalamba kugombe kuno, n'kutheka kuti anamwalira adakali wa munthu wina.

Ndinayenda pagombe la Kivinje madzi ataphwa, matope akumata nsapato. Ndinkafuna kumva kanthu kena kakakulu, mwina kulira kumene. Sizinatheke. Kunkatentha, ana ankanditsatira akufuna ndiwajambule, ndipo bambo wina ankakhoma ngalawa yake, akutseka ming'alu ndi thonje lonyika m'mafuta monga amachitira akumwamba kwathu ku Linga. Ndinaima n'kumamuyang'ana mpaka anandipatsa moni. Ndinamuuza komwe ndachokera. Anagwedeza mutu n'kunena kuti agogo ake a bambo ake ankatchedwa Mnyasa, koma sadziwa mudzi. Sanaoneke wokhudzidwa. Anandifunsa ngati ku Malawi kuli ntchito za ukalipentala wa ngalawa, ndi mtengo wa injini ya boti kumeneko.

Usiku womaliza magetsi anazima, fani inaleka kulira, ndipo ndinatulutsa mpando pakhonde. Mayi a nyumba anabwera ndi nyali n'kukhala nane. Ndinayesa kuwafotokozera za mtsikana uja, Chiswahili chikandithera n'kumaponyamo Chichewa, ndipo chodabwitsa n'chakuti mawu ambiri ankawamva: nyumba, moyo, njala, mvula, kulira. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anandifunsa dzina lake. Ndinati silikudziwika. Anakhala chete pang'ono, n'kunena kuti kuno akapolo ankapatsidwa mayina atsopano akangofika, ndiye ngakhale ndikanalidziwa silikanandithandiza.

M'mawa basi ya ku Dar es Salaam inkanyamuka kusanache, nthawi ya kadzutsa isanakwane. Ndinawauza mayiwo kuti asavutike. Koma potuluka ndinapeza pampando wa pakhonde kapepala kamafutamafuta, mkati muli vitumbua zinayi zikadali zofunda. Ziwiri ndinadya tisanafike pa mphambano ya Nangurukuru. Zinazo ndinagawana ndi mayi wina wa mwana kumbuyo amene anakwerera pamenepo, ndipo tikuwoloka mlatho wa Mkapa pa mtsinje wa Rufiji mwanayo anali atagona, kachidutswa kali m'manja.